Khutu la Mtsogoleri

Ikafika nyengo yosankha atsogoleri a miphakati ndi a mabungwe a m'parishi, kuno ku Mzimba maso athu amathamangira kwa munthu wodziŵa kulankhula. Timafuna wa mau amphamvu, wosachita manyazi pagulu, ndipo akakhala ndi ng'ombe zingapo m'khola, dzina lake limadutsa anthu asanakweze n'komwe manja. Koma tikaŵerenga Malembo Oyera mofatsa tipeza kuti Mulungu, pokonza munthu woti atsogolere anthu ake, amayamba ndi khutu; pakamwa amabwerapo pambuyo.

Mose adali munthu wa lilime lolemera, ndipo iye mwini adadandaula za chimenechi pamaso pa Mulungu. Sukulu yake idali ya kubusa, zaka 40 akuŵeta nkhosa za mpongozi wake Yetero ku Midiyani. Aliyense amene adaŵetako ng'ombe m'madambo a ku Edingeni kapena ku Embangweni adziŵa zimene ubusa umaphunzitsa. Mbusa amalankhula pang'ono. Amatchera khutu kulira kwa thole lotsalira m'mbuyo, amazindikira ng'ombe yodwala poona kayendedwe kake, ndipo madzulo amakayankha kwa mwini khola, pakuti ziŵetozo si zake.

Chimene chimatikhudza kwambiri pa Mose chidachitika iye ali kale pa udindo. Yetero adamupeza akuŵeruza yekha milandu ya Aisraele kuyambira m'maŵa mpaka madzulo, namuuza poyera kuti adzadzitopetsa yekha ndi kutopetsanso anthu. Adamulangiza kuti asankhe anthu oopa Mulungu, okhulupirika ndi odana ndi ziphuphu, ayang'anire magulu a anthu 1,000, a 100, a 50 ndi a 10. Tiganizepo bwino: amene akulangizidwayu ndi munthu amene adaimirira pamaso pa Farao, amene adaolotsa mtundu wonse pa nyanja, ndipo wolangizayo ndi nkhalamba ya mtundu wina. Mose adamva, nachita zomwezo (Eksodo 18).

Solomoni atapatsidwa mwai wopempha chilichonse ku Gibiyoni, adapempha mtima womvera. Mwana wake Rehobowamu adakana malangizo a akuluakulu, natsata a anyamata amene adakula nao, ndipo mafuko 10 adamuchokera. Akale adanena kuti ndidziŵa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ufumu wa Davide udang'ambika pakati m'manja mwa mdzukulu wake chifukwa cha khutu louma.

Dayosizi yathu ya Mzuzu idamvapo phunziro lomweli kuchokera kwa mbusa wake. Ambuye Joseph Mukasa Zuza adadzozedwa unsembe mu 1982, ndipo mu 1995 adakhala Mmalaŵi woyamba kukhala episkopi wa dayosiziyi. Pa 20 Julayi 2011 kudachitika zionetsero m'dziko muno, anthu pafupifupi 20 adaphedwa, ndipo mzinda wa Mzuzu ndiwo udalira maliro ochuluka. Mwezi wotsatira, pa mapemphero a dziko lonse ku Blantyre, Pulezidenti Bingu wa Mutharika ali pomwepo, Ambuye Zuza adalalika kuti munthu wodziyesa kuti nzeru zonse zili ndi iye yekha, wosafuna kumva za anzake, ndiye chitsiru. Adatchula liwu lachitumbuka lija timalidziŵa tonse kuno, chindere. Ambiri timakumbukira kulimba mtima kwa tsiku limenelo, ndipo nkoyenera. Koma ulaliki uja sudali wa pulezidenti yekha. Udali wa bambo m'banja, wa wapampando wa mphakati, wa mfumu ya m'mudzi ndi wa bambo mfumu wa parishi. Ambuye Zuza adamwalira pa ngozi ya galimoto pa 15 Januwale 2015, ali wapampando wa bungwe la maepiskopi a m'Malaŵi.

Tsono wina adzati: kodi mtsogoleri womvera aliyense sadzasanduka bango lotengeka ndi mphepo? Funsoli ndi loona. Aroni adamvera anthu, naŵapangira fano la mwanawang'ombe. Saulo adavomera pamaso pa Samuele kuti adachimwa chifukwa choopa anthu ndi kumvera mau ao. Kumva kotereku ndi mantha chabe, khutu lofuna kuomberedwa m'manja. Kumva kwa Mose kudali kwina. Iye adazoloŵera kumvera Mulungu poyamba, motero ankazindikira choona ngakhale chichokere pakamwa pa mlendo, ndipo fano lija ataliona sadafunse maganizo a gulu, adalitentha. Davide, mbusa winanso, atadzudzulidwa ndi Natani pa nkhani ya mkazi wa Uriya, sadamange mneneriyo ngakhale mphamvu adali nazo. Adavomera tchimo lake.

Khalidwe lotere silibwera pa tsiku la chisankho, ndipo mafuta a kudzoza salipanga. Nchifukwa chake Paulo Woyera polembera Timoteo adati woyang'anira mpingo asakhale wongotembenuka kumene, kuopa kuti angadzitukumule, ndiponso ayambe waonedwa m'mene asamalira banja lake (1 Timoteo 3). Ife timaona kuti Paulo adaloza malo oyenera, pakuti pakhomo ndi pamene munthu sangabise khutu lake. Tisanakweze manja chaka chino, tifunse mwakachetechete kwa oyandikana naye nyumba. Kodi mkazi wake akamuuza kuti walakwa, nkhope yake imatani? Kodi pa msonkhano wa mphakati, mai wamasiye wosadziŵa kuŵerenga akayamba kulankhula, amamulola kuti atsirize? Nanga msungichuma atamufunsa za ndalama za chopereka cha mwezi watha, adatulutsa buku kapena adakwiya?