Nyuzipepala Imene Inkapereka Malikesi kwa Oyimba

Nyimbo za rock sizinandikomerepo m'khutu, ndipo pa msinkhu wangawu sindiyembekeza kusintha. Komabe mbiri ya New Musical Express, nyuzipepala ya ku London imene ambiri amangoitchula kuti NME, imandikhudza monga mphunzitsi, pakuti ntchito yake inali yofanana ndi yanga: kunena amene wakhoza ndi amene walephera.

Inayamba kutuluka mlungu ndi mlungu mu March 1952, a Maurice Kinn atagula nyuzipepala ina imene inali pafupi kufa. Pa 14 November chaka chomwecho inachita chinthu chachilendo ku Britain. A Percy Dickins anaimba lamya ku masitolo angapo kufunsa zimbale zimene zikugulidwa koposa, naziika pa mndandanda, ndipo pamwamba panakhala nyimbo ya Al Martino yotchedwa "Here in My Heart". Kufikira nthawi imeneyo kutchuka kwa nyimbo ankakuyesa ndi mapepala a manotsi ogulitsidwa. Aliyense amene anaimapo pa tsiku lotsekera sukulu, kuwerenga maina kuyambira woyamba kufikira wotsiriza, adziwa chimene mndandanda umachita mumtima mwa mwana. Woyimba, ngakhale wotchuka, sasiyana kwambiri ndi mwanayo.

Mu 1972 ogula anachepa kufika ngati 60,000 ndipo eni ake anafuna kuitseka. Akonzi ake, a Alan Smith kenaka a Nick Logan, anaipulumutsa potenga alembi achinyamata monga Nick Kent ndi Charles Shaar Murray. Mu 1976 analembanso ntchito Julie Burchill, mtsikana wa zaka 17 zokha. Anawa ankalemba mwamwano, nthawi zina mwankhanza ndithu. Gulu limene alitama lero, chaka chamawa aligwetsa pansi osayang'ana kumbuyo. Mwanowo sindiuvomereza. Koma sindingabise kusirira kwanga: achinyamata amene buku la sukulu linkawagonetsa tulo ankatulutsa ndalama zawo mlungu uliwonse kuti awerenge masamba a zilembo zothithikana, namatsutsana ndi alembiwo m'makalata. Ife timatha chaka chathunthu kunyengerera mwana kuti amalize ndime imodzi.

Mnzake wakale, Melody Maker, imene inayamba mu 1926, inamezedwa ndi NME mu 2000. Koma nayonso NME inali kufooka. Kale munthu ankayamba wawerenga za chimbale asanachimve, kotero mawu a mlembi anali ndi mphamvu pa thumba lake. Intaneti itafika, wachinyamata anatha kudzimvera yekha nyimboyo nthawi yomweyo, osadikira woweruza. Mu September 2015, ogula atatsala ngati 15,000, anayamba kuigawa ulere, ndipo kope lotsiriza la mlungu ndi mlungu linatuluka pa 9 March 2018, itakwanitsa zaka 66. Dzinalo linapitirira pa intaneti, ndipo mu 2019 linagulidwa ndi kampani ya ku Singapore yotchedwa BandLab.