Musanakwere basi ya ku Joni, galimoto muisiye bwanji?

Pa galaja yanga ku Ndirande pamabwera galimoto zotopa ndi msewu, komanso zina zodwala chifukwa choima. Zachiwirizi eni ake amakhala kuti anali ku Johannesburg miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo pofika amandiuza modabwa kuti, "Amisiri, ndinaisiya ili bwinobwino."

Munthu akabwera asananyamuke, ndimayamba ndi oyilo. Wakale uja amakhala ndi zonyansa zimene zimadya zitsulo mwakachetechete injini ikangokhala, choncho timathira watsopano ndi fyuluta yake. Kenako thanki idzaze. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Thanki ikakhala theka, mpweya wonyowa umapeza malo, madzi n'kudikha pansi, dzimbiri n'kuyamba. Nyengo ya dzinja ndiye zimanyanya.

Batire ndi ntchito ya mphindi ziwiri: sipanala ya 10, mumasule waya wa negetivu. Mukausiya, alamu ndi wotchi zimayamwa moto mpaka batire kufa osadzukanso. Matayala muwapope mopitirirako pang'ono kuti asaphwatalale mbali yogunda pansi. Handibuleki musakoke, imamatirira; ikani mu giya kapena pa P, n'kutsekera matayala ndi njerwa.

Koma mdani amene ndimamuopa ndi khoswe. Ndinatsegulapo boneti ya Sienta ina n'kupeza bokosi la eyakilina litadzaza makoko a mtedza ndi tizidutswa ta chitenje, mawaya opita ku masensa atatafunidwa mpaka mkuwa kuonekera, fungo la mkodzo lili guu. Kulondola waya woduka m'galimoto za ku Japan zamasiku anozi kumadya tsiku lathunthu, ndalama osanena. N'chifukwa chake ndimati sesani m'kati monse, ngakhale njere imodzi ya chimanga isatsale, galimoto isayandikane ndi matumba a zokolola, ndipo ku ekizozi tsekaniko ndi sitiliwulo. Lembani kapepala pa chiwongolero kuti mudzakumbuke kuchotsa. Poimika, pansi pa mtengo wa mango ayi, pa udzu ayi. Pepala lapulasitiki nalo limasunga chinyezi, mipando n'kuchita nkhungu. Bola chophimba cha nsalu.

Pali mwambo umene ndimakangana nawo anthu kawirikawiri, wouza mphwako kuti aziliza galimoto Loweruka lililonse kwa mphindi zisanu. Ambiri amati ndiko kusamala. Koma injini siitentha mokwanira, nthunzi imasanduka madzi mu ekizozi ndi mu oyilo, ndipo batire imataya moto wambiri poliza kuposa umene imabwezera. Galimoto yolizidwa chonchi imandipeza msanga kuposa imene anangoitseka n'kuisiya.

Ngati pali munthu wodalirika woti aziyenda nayo theka la ola pamsewu kawiri pamwezi, inshuwalansi ndi COF zili m'malo, msiyireni, batire ikhale yolumikiza. Ngati palibe, akuluakulu, makiyi alowe m'chikwama mupite nawo.