Wailesi yosakasaka ndi kamvekedwe ka Chichewa m'mlengalenga

Chipangizo chimene Angerezi amachitcha scanner ine ndimachitcha wailesi yosakasaka, chifukwa sichikhala pa siteshoni imodzi: chimayendera manambala amene mwachiuza, ndipo chimaima pokhapo pamene chapeza munthu akulankhula. Ndili nazo ziwiri kuno ku Chinengundu, m'tauni ya Chegutu. Ina ndi yakale ya analogi. Ina ndi kachitsulo ka RTL-SDR, kofanana ndi flash, kamene ndimalowetsa pa kompyuta kuti kandimasulire mawu a dijito.

Kukonza yakaleyo n'kosavuta. Mumalemba nambala ya mafunde, kenako mumasankha mtundu wake. Masiteshoni a FM ali pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndege zimalankhula pa AM pakati pa 118 ndi 137 MHz, ndipo anthu okonda mawailesi amene ali ndi chilolezo amacheza pakati pa 144 ndi 146 MHz. Chotsalira ndi squelch, kachitseko kotsekera phokoso pamene palibe wolankhula. Mukakathina kwambiri, mawu ofooka ochokera kutali sakufikani. Mukakamasula kwambiri, nyumba yonse imadzala mkokomo wonga wa mvula pa malata.

Za dijito zimafuna mtima wodekha. Pa DMR, njira imodzi ya 12.5 kHz imagawidwa pawiri, moti anthu awiri amalankhula mosinthana mothamanga kwambiri osagundana. Choncho nambala yokha sikwanira: pamafunikanso time slot, 1 kapena 2, colour code, kuyambira 0 mpaka 15, ndi nambala ya gulu lolankhulana. Mukaphonya chimodzi, wailesi imangoti zii, ngakhale nyali yake ikuonetsa kuti mafunde alipo. Mawu otsekedwa ndi chinsinsi simungawatsegule, ndipo si anu. Kuno mafunde amayang'aniridwa ndi POTRAZ, ndipo pali lamulo la 2007 loletsa kutchera khutu mauthenga a ena, kotero ine ndimakhala pa zimene zimaulutsidwa poyera.

Chimene chimandigwira mtima kwenikweni, monga wophunzira za zilankhulo, ndi zimene njira ziwirizi zimachita ndi mawu athu. Analogi imanyamula liwu la munthu monga lilili, ndipo mafunde akamafooka, liwulo limamira pang'onopang'ono m'phokoso, khutu n'kumatolabe zina. Dijito simatumiza liwu lenilenilo. Kachipangizo kotchedwa vocoder kamayeza kukwera ndi kutsika kwa liwu ndi mphamvu yake, kamatumiza manambala ochepa, ndipo wailesi yolandira imaumba liwu latsopano kuchokera ku manambalawo. Mafunde akafooka, mawu amaphwanyika ngati a chidole, kenako amaduka.

Mnzanga wina amene ali ndi chilolezo anandiwerengera mawu awiriawiri pa njira zonsezi, ine ndikumvetsera. Kusiyana kwa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kumene kuli m'kukweza liwu basi, kunadutsa bwino pa dijito, ndipo n'zomveka, pakuti kukwera kwa liwu ndi chimodzi mwa zimene vocoder imasunga. Koma kola ndi khola, pala ndi phala, khutu langa linavutika nazo. Kampweya kaja kotsatira k ndi p n'kafupi ndiponso n'kofanana ndi phokoso, ndipo m'kumva kwanga kanasalazidwa. Pa analogi, ngakhale m'kati mwa mkokomo, kanamveka. Awa ndi makutu a munthu mmodzi, koma kwa chilankhulo chimene chimasiyanitsa mawu ndi mpweya, nkhaniyi si yaing'ono.

Kusakasaka mawu a kwathu si kwachilendo m'dera lino. Makolo athu anabwera kuchokera ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete kudzagwira ntchito ku migodi ya Cam and Motor pafupi ndi Kadoma ndi Dalny ku Chakari, ena m'mafamu ndi ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead, pamene matauniwa ankatchedwa Gatooma ndi Hartley. Kuyambira 1949 kunali kawailesi kotsika mtengo ka Saucepan Special, ndipo siteshoni ya ku Lusaka ya Central African Broadcasting Station inkaulutsa m'Chinyanja, komwe Alick Nkhata anatchukira. Itakhazikitsidwa MBC mu 1964, anthu ankapotoza kachitsulo ka shotiwevu madzulo kufuna liwu la ku Blantyre. Agogo anga aamuna ankamangirira waya ku mtengo wa mango kuti liwulo likwere, ndipo Chichewa chimene amayi anga amalankhula mpaka lero chili ndi mawu amene anatola mmenemo.

Zitseko zimenezo zambiri zatsekeka. Makina a ku Meyerton, amene ankanyamula pulogalamu ya Chinyanja ya Channel Africa pa shotiwevu, anazimitsidwa mu 2019. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa poyambirira pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo National FM imatipatsa nthawi yathu, koma nthawiyo imagawidwa ndi zilankhulo zina zambiri. Zotsalazo zili pa intaneti, kumene muyenera kugula data, ndipo agogo a ku komboni sapitako.

Kwa amene akufuna kuyamba, ine ndingati yambani ndi analogi yogula kwa munthu, ndipo ndalama yotsala muikire pa mlongoti wabwino, pakuti waya wokwezedwa pamwamba pa denga umapindula kuposa wailesi yodula yokhala pansi. Dijito ibwere pambuyo, mukadziwa kuti kwanuko kuli olankhulapo. Ndipo inu a ku Chipata, ku Angónia ndi ku Lichinga, ndiuzeni: squelch mungaitche chiyani? Ine ndikuti kachitseko, koma amalume anga akuumirira kuti ndi sefa.