Kanyumba ka Kuseri ku Lifidzi

Mwezi wa Seputembala ku Lifidzi umanunkha utsi wa mauvuni. Kachewere wagulidwa, fodya wapita, ndipo ndalama imene yapulumuka ku ngongole za fetereza ikusanduka njerwa. Ukatsika chapa, minibasi ya kuno, yochokera ku Ulónguè n'kuyamba wapansi, amene amayamba kukulonjera ndi anyamata omira m'matope mpaka m'mawondo, chikombole m'manja, njerwa zaziwisi atazifola pabwalo n'kuzifunditsa udzu kuti dzuwa lisazing'ambe.

Njira imadzera pa mishoni ya São Francisco Xavier, imene ansembe achijezuiti anayambitsa mu 1909. Tchalitchi sindinachedwepo. Maso anga anali pa sukulu ndi chipatala, chifukwa malo awiriwa amabweretsa aphunzitsi ndi anamwino ochokera kutali, anthu a malipiro a pamwezi koma opanda mbale wowapatsa pogona. Njerwa zambiri zimene ndinaziona zikudikira anthu amenewa. Si za nyumba zikuluzikulu ayi, ndi za kanyumba ka kuseri, kamene m'matauni a Mozambique amati dependência.

Kanyumba kotere si kachilendo kuno. Pakhomo loyamba limene ndinagogoda ndinawerenga nyumba ya makolo, khitchini yofolera udzu, nkhokwe, khola la mbuzi, bafa la tsekera, chimbudzi, ndi gowelo watsopano amene dothi lake linali lisanaume. Mnyamata wa pakhomopo wasinkhuka, sangagonenso m'nyumba imodzi ndi amayi ake, ndiye wadzimangira. Nditafunsa agogo amene anali kusenda chimanga pakhonde kuti chilolezo anapereka ndani, anandiyang'ana kaye, kenaka anati amalume ake a mwanayo anabwera, anayenda ndi mapazi kuchokera pa mtengo wa pichesi, nakhoma zikhomo zinayi. Pepala panalibe, ndipo palibe amene analifuna.

Wina angaganize kuti anthuwa akukhala mozemba lamulo. Sizili choncho. Ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma, siigulitsidwa, koma lamulo la malo la 1997, nambala 19/97, limapatsa munthu ufulu wogwiritsa ntchito malo, wotchedwa DUAT, m'njira zitatu: kukhalapo motsata mwambo wa kwanuko, kukhalapo mosabisa kwa zaka zosachepera 10, kapena kupempha ku boma. Lamulolo limanena kuti kusowa kwa chikalata sikuchotsa ufuluwo, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi umalandiridwa. Kwa anthu a kuno ku Angónia mfundo imeneyi ndi yaikulu. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni midzi yambiri inathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo pobwerera, mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992, anapeza mabwinja. Chimene chinabwezera munthu pamalo pake chinali manda a makolo, mitengo imene anabzala, ndi mawu a nyakwawa. Ine ndimati amene analemba lamulo limenelo anamvetsa dziko lawo.

Zinthu zimasintha ukayandikira msewu. Pakhomo lachiwiri ndinapeza mmisiri ali pamwamba, akukhoma mapaso a bulugama pa zipinda ziwiri zogundana, chilichonse ndi khomo lake loyang'ana kunja. Mwini wake, bambo wa zaka zapakati, anandilandira ndi "Wawa, achimwene," n'kundionetsa zonse monyadira: pansi pa simenti, zenera la galasi, malata ogula ku Ulónguè. Koma khoma la kumbuyo analikankhira pa malire penipeni, moti mvula ikadzagwa madzi a denga adzathira pabwalo la mnzake. Mlandu unafika kale kwa anyakwawa. Chigamulo chinali choti akumbe ngalande ndi kuimangira miyala, ndipo ngalandeyo ndinaiona, yokumbidwa theka.

Apa ndipo pepala la boma limayenera kulowerera. Malamulo opereka chilolezo cha zomangamanga za anthu wamba, amene anatuluka mu 2004 pa nambala 2/2004, amafuna kuti womanga aonetse umboni wa malo, pulani ya nyumba, ndi katswiri wovomera kusenza udindo wa ntchitoyo. Ikatha, akuluakulu amabwera kudzayendera asanapereke chilolezo chogwiritsa ntchito nyumbayo. M'tauni ya Ulónguè, imene inapatsidwa khonsolo yakeyake mu 2008, zimenezi zili m'manja mwa khonsoloyo. Kunja kwa tauni zili m'manja mwa boma la Angónia, kudzera ku ofesi ya mapulani ndi zomangamanga, imene anthu amangoitchula kuti SDPI. Bamboyo zonsezi amazidziwa bwino. Anandiwerengera pa zala: yokwerera chapa kupita ndi kubwera, yolipira wojambula pulani, tsiku lotayika kudimba, mafomu a Chipwitikizi pomwe iye sukulu yake anaphunzira m'Chichewa ali wothawa nkhondo ku Malawi. Atawonkhetsa anapeza kuti ndalamayo ndi malata angapo, ndipo anasankha malata.

Sindimuweruza. Njira imeneyo anaikonzera nyumba za m'tauni, ndipo kufunsa pulani ya katswiri pa zipinda ziwiri za mlimi kuli ngati kupha nkhuku ndi nkhwangwa. Komabe nditazungulira kuseri ndinaona chimene nyakwawa sayeza. Chimbudzi chatsopano cha alendi achikumba kumtunda kwa chitsime, pa mtunda woti mwana angaponye mwala n'kupitirira, pomwe alangizi a zaumoyo amanena za mamita 30, ndiponso chikhale kumunsi. Maziko alowa pansi pang'ono chabe, omangidwa ndi dothi, m'dera limene mvula ya Januwale imanyowetsa nthaka kwa masabata. Mapaso angotsamira pa khoma, opanda waya wowamangirira ku njerwa. Pa nyumba ya pafupi anthu asanjika miyala pa malata kuti mphepo isawanyamule. Anyakwawa amadziwa malire a munthu aliyense mpaka chitsa chomaliza, koma kuya kwa maziko si mlandu umene umafika pabwalo pawo, pokhapokha khoma litagwera mbuzi ya mwini.

Mmisiri uja, nditamufunsa za waya, anaseka ali pamwamba pomwepo nati iye ananena, koma bwana anati ndalama yatha. Anawonjezera kuti mphunzitsi amene adzalowemo wapereka kale lendi ya miyezi ingapo, ndipo ndiyo inagula zitseko. Ndiye kuti nyumbayo ili ndi mlendi isanakhale ndi denga, ndipo mlendiyo sangadandaule kwambiri poti ndalama yake ili kale m'khoma.

Tili pakhonde kumwa thobwa, mayi wa pakhomopo, amene nthawi yonseyi anali chete, anatulutsa nkhani ina. Amuna awowo ndi mkamwini. Malo ndi a mbumba ya mayiyo, ndipo amene analoleza kumanga zipindazo ndi alongo awo, osati bambo wonyadira malata uja. Lamulo limasiyanitsa nthaka, imene siigulitsidwa, ndi zimene munthu wamangapo, zimene ndi chuma chake. Tsono banja litagwedezeka, kapena imfa italowa, zipinda ziwirizo zidzakhala za yani: za mwini njerwa kapena za eni nthaka? Mayiyo anati iwo akufuna DUAT yolembedwa, dzina lawo likhalepo, ndipo akamaliza kukumba kachewere wa kudimba apita okha ku Ulónguè kukafunsa. Bamboyo anati za mapepala akambirana madzulo, n'kudzuka kukathandiza mmisiri kukweza lata loyamba.