Chinjoka cha Fin Fang Foom ndi katundu wa pabenchi panga

Abale anzanga apamsika, ndili mnyamata ndinatola kabuku ka zithunzi pamulu wa mabuku akale omwe malume ankagulitsa m'mbali mwa msewu. Munali Fin Fang Foom, chinjoka chotalika kuposa nyumba yosanja. Nkhaniyi analemba ndi Stan Lee, Jack Kirby n'kujambula, ndipo idatuluka ku America mu 1961 m'magazini ya Strange Tales. Mnyamata wa ku Formosa, komwe lero timati Taiwan, amadzutsa chinjokacho ndi mankhwala azitsamba kuti chikaphwasule asilikali achikomyunizimu a ku China omwe ankakonzekera kulanda chilumbacho.

Ine ndinkangoombera m'manja. Nanga si boma la Kamuzu linali paubale ndi Taiwan kuyambira 1966, ndipo chikomyunizimu tinkachiopa ngati ufiti, osadziwa n'komwe kuti n'chiyani?

Kumayambiriro kwa 2008 boma lidalengeza kuti lasiya Taiwan, lagwirana chanza ndi Beijing. Lero matochi, maloko ndi mapatapata pabenchi panga, zonse n'zochokera ku China. Ana anga akudyera "mdani" yemwe uja.

Ndiye wandale akabwera pamsika n'kukulozerani chilombo, yambani mwafunsa: wachijambula ndani, nanga akudyapo chiyani?