ZIKWANGWANI ZA M'NJIRA YA KWATHU

Abale okondedwa a m'mahositelo monse, ife amene tilemba mau awa ndife anthu anai a mumpingo uno, ogona m'chipinda chimodzi ndi kudya za mumphika umodzi. Sindife akatswiri a zithunzi iai. Mmodzi wa ife ndi mmisiri woocherera zitsulo, awiri ndi alonda a usiku, ndipo wachinai ayendetsa galimoto ya katundu. Koma m'mwezi wa December 2023 tinagwira kantchito kena kamene anzathu anatiseka nako, ndipo tifuna kukufotokozerani umo kanayambira ndi umo kanathera.

M'chipinda choyandikana ndi chathu munali mkulu wina wa ku Ntcheu, amene tonse tinali kuwatchula kuti Agogo. Iwo anadza kuno m'chaka cha 1972 ali mnyamata, atalembedwa ndi a Wenela. Masiku amenewo amuna a kwathu ogwira ntchito m'migodi ya kuno anali oposa 100,000, ndipo ambiri sanali kuyenda pansi: ndege inali kuwatula ku Francistown m'dziko la Botswana, ndi kuchokera kumeneko sitima ya pamtunda inali kuwafikitsa ku Johannesburg. Pa 4 April 1974 ndege ina ya Wenela inagwa ku Francistown, nipha amuna a kwathu oposa 70 amene anali pa ulendo wobwerera kwao. Pamenepo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu, ndipo a m'migodi anayamba kubwerera kumudzi. Agogo anachita mantha ndi ndege, nachitanso manyazi pakuti ndalama za m'manja mwao zinali zitathera ku mowa. Tsono anazemba m'komboni nakalowa ntchito yosamala maluwa pa nyumba ya munthu wina. Chaka chinatha, chinanso chinatha, kufikira zinakwana 51. Anasanduka mtchona.

Usiku wina titaweruka ku mapemphero, iwo atamva kuti tili kukonza ulendo wa Khirisimasi pa galimoto ya mnzathu, anatiitana nati, "Ana anga, ine njira ya kwathu sindinaionepo ndi maso. Ndinadza cham'mwamba ngati khwangwala. Pamene muli kupita, pa mudzi uliwonse pamene pali chikwangwani cha dzina, muime, mundijambulire. Ndifuna ndione ngati njirayo ilipodi." Ife tinaseka, koma iwo sanaseke. Chifuwa cha fumbi la mumgodi chinali chitawatha thupi, ndipo tonse tinali kudziwa kuti mpingo wathu wasonkhapo ndalama zambiri zotumizira mitembo kumudzi kuposa zotumizira anthu amoyo. Chifukwa chake tinavomera.

Tinanyamuka m'bandakucha. Titapitirira Pretoria tinasiya mseu waukulu wa N1, pakuti umenewo ulambalala midzi yambiri, nititsata mseu wakale wa R101 umene ulowa m'kati mwa midziyo. Mwini galimoto anang'ung'udza kuti tichedwa, popeza ulendo wa ku Ntcheu uposa makilomita 1,700, ndipo m'nyengo ya Khirisimasi mzere wa pa Beitbridge suyenda msanga. Koma lonjezo ndi ngongole.

Zithunzi zathu zoyamba zinali zochititsa manyazi. China tinajambula galimoto ili kuthamanga, ndipo panatuluka mtengo wa magetsi ndi theka la dzina. China tinajambula dzuwa lili kuseri kwa chikwangwani, ndipo malembo onse anada bii. Usiku tinayesa ndi kuwala kwa foni, koma utoto wa zikwangwani za pamseu ubweza kuwala, kotero kuti panangooneka choyera mbee. Pang'ono ndi pang'ono tinaphunzira, ndipo nzeru zake ndi izi kwa iye amene afuna kuyesa. Imikani galimoto kunja kwenikweni kwa phula, pamalo pamene wodza kumbuyo akuoneni ali patali. Wojambula afulatire dzuwa. Pukutani kadiso ka foni ndi nsalu, pakuti thukuta ndi fumbi zichititsa nkhungu. Musajambule chikwangwani chokha, koma munthu aime pambali pake, ndipo kumbuyo kuoneke phiri, kapena sitolo, kapena mlambe, kuti woona adziwe maonekedwe a dzikolo. Pomaliza lembani m'kabuku dzina la malo ndi nthawi yake. Koma pa zipata za m'malire ndi pa milatho pamene pali asilikali, foni ikhale m'thumba. Kumeneko chithunzi chingathe kukugonetsani m'chitokosi.

Chimene sitinachiyembekeze ndi ichi, chakuti zikwangwanizo zinayamba kutiphunzitsa mbiri. Agogo anatilembera pa pepala maina a midzi monga anawamva kwa anzao a m'komboni, koma ambiri a mainawo sitinawapeze. Pamene iwo analemba Warmbaths tinapeza Bela-Bela, dzina lonena za madzi otentha obwadamuka pansi, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2002. Pamene analemba Nylstroom tinapeza Modimolle. Dzina lakalelo linadza ndi Mabunu ena apaulendo amene anaona mtsinje woyenda chakumpoto nayesa kuti afika ku Nailo wa ku Ejipito. Taonani umo mlendo asokerera ngakhale ali ndi Buku m'manja. Naboomspruit tsopano ndi Mookgophong, Potgietersrus ndi Mokopane, Pietersburg ndi Polokwane. Pa Louis Trichardt pokha tinasokonezeka, pakuti boma linasintha dzinalo kukhala Makhado m'chaka cha 2003, ndipo bwalo la milandu linabweza lakalelo m'chaka cha 2007. Pa zikwangwani zina tinawerenga ili, pa zina ilo. Titatsika phiri la Soutpansberg milambe inayamba kuchuluka kufikira ku Musina, kumene kale kunali kulembedwa Messina, ndi kumene makolo athu ambiri oyenda pansi anayamba kugwira ntchito mumgodi wa mkuwa asanapitirire ku Joni.

Zikwangwani zambiri za midzi imeneyi zinena mau amodzimodzi, m'Chingerezi kapena m'Chibunu, akuti mlendo walandiridwa. Kunena zoona, abale, poima pansi pa mau amenewo mitima yathu inali iwiri. Ena a ife tinali kuno m'mwezi wa May 2008, pamene chipolowe chothamangitsa alendo chinayamba ku Alexandra nichifalikira kwina, ndipo anthu 62 anafa. Tinagona masiku ambiri pa bwalo la polisi ndi kathumba kamodzi. Ndipo pa mudzi wina, ife tili chiimire pansi pa chikwangwani chotere, munthu wina wodutsa pa galimoto anatsitsa galasi natitukwana ndi dzina lija mulidziwa nonse. Tinafunsana kuti, kodi mau awa analembera yani?

Koma tisanapite patali, pa mudzi wotsatira, mai wina wogulitsa mango m'mbali mwa mseu anatifunsa chimene tinali kuchita. Titamfotokozera za Agogo, anapukuta manja pa nsalu yake, nadzaima nafe pa chithunzi, natininkha mango asanu osalipira, nati tikawauze akuluwo kuti apite kwao akali ndi miyendo. Pamenepo tinazindikira kuti chikwangwani ndi chitsulo ndi utoto chabe. Chilonjeza, koma wokwaniritsa lonjezolo kapena woliphwanya ndiye munthu wokhala kuseri kwake.

Titaoloka Limpopo tinalowa m'Zimbabwe. Kumeneko zikwangwani zina zinali zofufuma ndi dzuwa, zina zopindika, koma sitinadumphe: Rutenga, Ngundu ndi mapiri ake a mwala wokhawokha, Masvingo, Mvuma, Chivhu, Beatrice. Pa pepala la Agogo panali Fort Victoria, Enkeldoorn ndi Salisbury, maina amene anachotsedwa m'chaka cha 1982, dzikolo litalandira ufulu mu 1980. Kuchokera ku Harare tinapita chakumpoto cha kum'mawa, kudzera ku Murehwa ndi ku Mutoko kufikira pa Nyamapanda. Tsidya lake, pa Cuchamano, malembo anasanduka Chipwitikizi. Kutentha kwa ku Changara ndi ku Tete sitingathe kukufotokoza. Foni imodzi inazima yokha, ndipo tinaikulunga m'nsalu yonyowa pang'ono ngati mwana wa malungo. Tinaoloka Zambezi, nitidutsa pa Moatize pamene akumba malasha, nitikwera mapiri kufikira pa Zóbue. M'menemo anthu a m'mbali mwa mseu anali atayamba kale kutiyankha m'chinenero chathu, ngakhale chikwangwani chinali chisananene kuti tafika.

Pa Mwanza tinawerenga mau a kwathu otilandira, ndipo mmodzi wa ife anagwada nagwira dothi. Komanso pomwepo tinakumbutsana kuti m'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, anthu ngati 1,000,000 anathawira m'dziko lathu, ambiri a iwo kudzera m'maboma a m'malire monga Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Nsanje. Ena a makolo athu anawagawira minda. Ena anawalima pamsana ndi ganyu wa mbale imodzi ya ufa. Tsono funso lija tinafunsa ku Limpopo linatibwerera ife eni: kodi mlendo akaima pansi pa chikwangwani chathu, apeza munthu wotani kuseri kwake?

Chithunzi chotsiriza ndicho chinativuta koposa. Mudzi wa Agogo ulibe chikwangwani cha boma. Tinatsata mseu wa M1 kuchokera pa Zalewa, ndipo titalowa m'boma la Ntcheu tinafunsa pa misika itatu, kufikira mkulu wina wokonza njinga anatilozera kanjira ka fumbi. Pa mphambano pake panali kathabwa kolembedwa ndi dzanja, konena dzina la sukulu ndi la tchalitchi. Tinalowa, nitipereka moni kwa a mfumu, nititchula dzina ndi mfunda wa Agogo. Anatumiza mwana, ndipo patapita nthawi kunadza mai wokalamba ndi khasu paphewa. Atamva nkhani yathu anakhala pansi mwadzidzidzi nati, "Alongo anga ali moyo? Ife tinalira maliro ao kalekale, amai asanamwalire." Tinawauza zonse osabisa, za chifuwa, za umphawi, ndi za manyazi. Iwo anati, "Mukawauze kuti sitifuna njinga kapena bulangete. Tifuna nkhope yao. Nyumba ana anga adzafolera." Ndipo anavala nsalu yao ya ku tchalitchi, natsagana nafe kufikira pa kathabwa kaja, naima chilili kuti tiwajambule.

Tinabwerera kuno m'mwezi wa January 2024. Zithunzizo sitinazisiye m'foni iai, pakuti foni ibedwa, igwa m'madzi, ndiponso maso a nkhalamba saona bwino pa kagalasi. Tinasonkherana nitikatsukitsa zithunzi 43 pa pepala, nitilemba kuseri kwa chilichonse dzina latsopano ndi lakale. Loweruka madzulo tinalumikiza matebulo awiri nitiziyala mwa mndandanda wake, kuyambira ku Bela-Bela. Agogo anayenda nazo ndi chala pang'onopang'ono, monga mwana wophunzira kuwerenga, nafunsa kuti Salisbury ali pati, ndipo tinawaonetsa. Pofika pa chotsiriza anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Awa ndi amai." Tinati, "Iai, Agogo, awa ndi alongo anu." Pakuti anawasiya ali kamtsikana ka zaka 12, ndipo m'mutu mwao anali akali kamtsikana komweko. Usiku umenewo sitinaimbe nyimbo yotsekera, tinangopemphera.

M'mawa mwake iwo eni anapita kwa akulu a mpingo nati afuna kupita kwao. Kupeza kalata ya ulendo ku ofesi ya dziko lathu ku Johannesburg kunafuna mboni ndi kuyendayenda, koma kunatheka. Inu a m'mahositelo anai munasonkha za basi ndi za mankhwala, ndipo amai a chigwirizano anawagulira jekete ndi nsapato. Ananyamuka sabata la Pasaka lisanafike, m'mwezi wa March 2024, pamodzi ndi mmodzi wa ife wowaperekeza. Iye atiuza kuti Agogo sanagone m'njira monse. Anali ndi zithunzi zija pamiyendo, ndipo basi ikadutsa chikwangwani chimene anachidziwa anali kuchotsa chithunzi chake pamwamba ndi kuchiika pansi pa zinzake. Patapita masiku atatu tinalandira chithunzi pa WhatsApp: anthu awiri okalamba ataima pa mphambano, pambali pa kathabwa ka sukulu. Akulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Owerenga Mau a Mulungu akumbukira kuti Yakobo, pothawa kwao, anaimika mwala pamalo pamene anagona, nasintha dzina la malowo kuchokera ku Luzi kukhala Beteli, ndipo patapita zaka zambiri anabwerera pomwepo. Yoswa nayenso anaunjika miyala 12 ya mu Yordano, kuti ana akadzafunsa, akulu adzakhale ndi choloza. Ife tilibe miyala, koma tili ndi mafoni m'matumba, amene nthawi zambiri tijambula nao nsapato zatsopano ndi mbale za nyama kuti a kumudzi ayese tili pabwino.

Chifukwa chake tikupemphani, abale, zinthu ziwiri. Choyamba, yang'anani m'hositelo mwanu. Alipo wina amene sanena za kwao, amene pa Khirisimasi atsala yekha m'chipinda nati asunga katundu wa anzake. Mfunseni dzina la mudzi wake ndi la mfumu yake, ndipo amene apita chakumeneko apatuke akafunse. Chachiwiri, inu amene mudzayenda chaka chino pa njira ya ku Dedza, ya ku Mchinji kapena ya ku Mulanje, tijambulirenikoni zikwangwani za kumeneko, pakuti ife tili ndi za njira ya ku Mwanza yokha. Tatsukitsanso zathu zija, ndipo tazikhoma pa khoma la chipinda chopemphereramo, kumanzere kwa khomo. Malo atsala ambiri. Perekani zanu kwa mlembi wa mpingo, mutalemba dzina la malo kuseri.

Ambuye akusungeni pa ntchito zanu, usana ndi usiku.

Ndife abale anu anai a m'chipinda chimodzi.