Kalata kwa mwana wanga amene akukayamba unamwino ku Blantyre

Bangula, Nsanje

Wokondedwa mwana wanga,

Kalatayi ndaipisa pansi pa zovala m'chikwama chako, pafupi ndi kathumba ka ufa wa mapira. Uiwerenge minibasi ikadutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera mapiri, chifukwa pamaso pako mawuwa andikanika. Za kupemphera, kusunga ndalama ndi anyamata a m'tauni, azakhali ako anakutsina khutu mokwanira. Ine ndili ndi nkhani imodzi, ndipo ndi yondichititsa manyazi.

Ukukumbukira mu Malichi 2019, madzi a namondwe wa Idai atatisamutsa, tikugona pamsasa pamodzi ndi anthu a ku Makhanga ndi ena ochokera ku Mozambique. Tsiku lolemba mayina a olandira ufa, patsogolo panga panali gogo wina wamasiye, chitenje chimodzi chokha, mdzukulu kumsana. Wolemba mayina uja anati mudzi wawo sukuoneka m'kaundula, aime pambali. Gogoyo anafotokoza m'Chisena, mawu akunjenjemera, achinyamata ena n'kumaseka. Ine ndinkawadziwa bwino, ndi mudzi wawo womwe. Malemu amuna awo ndi amene ankatigulitsa milamba yowamba. Koma ndinaopa kuti ndikayankhula, dzina langa nalo lifufutidwa. Ndinazyolika, ndinasenza thumba langa.

Madzulo ndinawapungulira ufa m'mbale, mumtima ndikudzinamiza kuti Chikhristu ndachita. Ufa uja unatha tsiku lomwelo, chikhalirecho dzina m'kaundula likanawadyetsa mwezi wathunthu. Patapita masiku ndinawaona akuchokera kudambo ndi nyika m'chitenje, ndipo iwe ukudziwa kuti kumene kumakumbidwa nyika ndi kwa ng'ona.

Kupatsa n'kosavuta, mwana wanga, anthu amakuyamikira. Chovuta n'kutsegula pakamwa pamaso pa wogwira cholembera. Ukawerenge Miyambo 31, ndime 8 ndi 9. Amenewo ndi malangizo amene mayi anapatsa mwana wake Lemueli, monga ndikuchitira inemu. Mneneri Amosi naye anali woweta nkhosa chabe wa ku Tekowa, koma atadzudzula obera osauka pasikelo, wansembe Amaziya anamuuza kuti achoke ku Beteli. Wansembetu, osati msilikali.

Ndinali mtsikana wa m'kwaya pa 8 Malichi 1992, tsiku limene kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Inakamba za malipiro ochepa a anthu wamba, za zipatala ndi sukulu, ndi za anthu otsekeredwa osazengedwa mlandu. M'tchalitchi munali zii, ena akuyang'ana kukhomo. Ambuye Felix Mkhori a dayosizi yathu ya Chikwawa anasaina nawo pamodzi ndi Ambuye James Chiona. Boma linati kupezeka nayo ndi mlandu, Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ku Balaka inatenthedwa. Komabe pa 14 Juni 1993 tinaponya voti ya riferendamu. Ine amene ndinamva kalata ija ndi makutu angawa ndi yemwe ndinadzakhala chete chifukwa cha thumba la ufa.

Usaiwalenso kuti kuno kuchigwa tinakhalapo mbali zonse ziwiri. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, anthu oposa miliyoni anathawira m'Malawi, ena mwa iwo ku Nyamithuthu ndi ku Mankhokwe, ndipo agogo ako anadulira banja lina kamunda. Mu 2015 ndi mu 2023 opempha pogona tinali ife. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsopano cholembera chili m'manja mwako. Tsiku lina pamzere padzakhala mayi wa kwathu kuno, wopanda nsapato, akulephera kufotokoza pomwe pakupweteka. Usadzabise Chisena chako poopa kusekedwa. Udzawamasulire, udzawaperekeze mpaka kwa dokotala. Ukadzaona wa taye akulowetsedwa mwamseri, mwana wachialubino kapena nkhalamba imene achibale akuinena ufiti akupsa ndi dzuwa panja, udzafunse amene akulowetsayo. Udzayambe ndi ulemu, pambali, pa awiri. Akakana kumva, udzapite kwa wamkulu wawo uli ndi mboni. Ndewu sindikukutuma ayi, ndipo mtima wako wapachala uja uwusiye konkuno.

Adzakutcha wamwano, mwinanso adzakusamutsira kumalo ovuta. Zikadzatero usadzaope kubwera, mphasa yako ilipo.

Gogo uja anamwalira chaka chatha. Kumaliro ndinapita, ndinaphika nawo, koma kupepesa ndinali ndisanapepese.

Ukafika undiimbire foni, ngakhale usiku.

Ndine mayi ako.